Kuphunzitsa Chingerezi ku Thailand ndi pasipoti ya Malawi

Aphunzitsi anzanga ambiri akhala akundifunsa funso limodzi lomweli: kodi Mmalawi angathe kupita kunja kukaphunzitsa Chingerezi, kapena imeneyi ndi ntchito ya azungu okha? Angathe ndithu. Ine ndinkaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina yoyendera m'boma la Ntcheu, ndipo mu 2022 ndinanyamuka kubwera ku Thailand, kumene ndikuphunzitsa mpaka pano pa sukulu ya boma m'chigawo cha Khon Kaen, kumpoto chakum'mawa kwa dzikoli, dera limene eni ake amalitcha Isan. Chimene chandikakamiza kulemba n'chakuti malangizo ambiri amene mungapeze pa intaneti analembedwa ndi anthu a ku America ndi ku Britain, polangiza anzawo. Pamene pasipoti yawo imangodutsa, yathu imaimitsidwa n'kufunsidwa mafunso. Mmalawi wotsatira malangizo awo mwachimbulimbuli angathe kukathera m'chitokosi, ndalama zonse za banja zitapita.

Pa msika wa ntchito imeneyi aphunzitsi amagawidwa pawiri, eni chilankhulo ndi ena tonsefe, ndipo chimene chimagawa ndi pasipoti, osati luso. Inu mukudziwa kuti kwathu Chingerezi ndi chilankhulo cha boma, kuti palibe angatenge satifiketi ya MSCE atalephera Chingerezi, kuti kuyambira ku pulayimale mpaka ku yunivesite mayeso tinalemba m'Chingerezi. Zimenezi kwa mkulu woona zolowa ndi kutuluka sizitanthauza kanthu. Ku South Korea viza yodziwika ya aphunzitsi a Chingerezi, ya E-2, imaperekedwa kwa nzika za America, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Mu Africa yense, dziko limodzi lokha. Ku China ntchito zinachepa kwambiri mu 2021 pamene boma linaletsa masukulu ophunzitsa ana mwapadera akaweruka, ndipo nakonso amakondera mapasipoti omwewo. Kumene kwatsala mpata weniweni kwa ife ndi ku Thailand, ku Vietnam, ku Cambodia, komanso ku Japan kwa amene angasonyeze umboni woti anaphunzira m'Chingerezi zaka 12. Ine ndinasankha Thailand chifukwa malamulo ake okhudza mphunzitsi wosakhala mwini chilankhulo ndi olembedwa poyera, munthu ukhoza kuwawerenga n'kudziwa ngati ukukwanira kapena ayi.

Tiyambe ndi mapepala, chifukwa ndi amene adzakuimireni kumalo kumene mulibe m'bale.

Digiri ndi yofunika, palibe kuzemba. Bungwe loona za aphunzitsi kuno, la Khurusapha, silipereka chilolezo kwa munthu wopanda digiri yoyamba. Ngati muli ndi dipuloma ya ku Domasi kapena satifiketi ya ku TTC, malizani kaye digiri, ndipo musamvere aliyense wonena kuti akonza. Digiri ya maphunziro a uphunzitsi ndiyo yabwino koposa, koma ya phunziro lina amailandiranso. Pamodzi ndi digiriyo pamafunika pepala la magiredi a zaka zonse, ndipo zonsezi ziyenera kudindidwa ku unduna woona za ubale wa dziko lathu ndi maiko ena ku Lilongwe. Kenako kalata ya polisi yotsimikiza kuti simunapalamulepo, imene ine ndinakatenga ku likulu la apolisi ku Area 30 atanditenga zidindo za zala. Kalata imeneyi imakalamba msanga, choncho musaitenge musanapeze sukulu. Chinthu china chimene Amalawi timachipeputsa ndi maina. Ambirife dzina la pa MSCE ndi lina, la pa digiri lili ndi la agogo, la pa pasipoti linalembedwa ndi l pamene pa chitupa cha unzika pali r. Kwathu timangoti ndi munthu yemweyo. Kuno chilembo chimodzi chikasiyana, fayilo imabwezedwa. Yalani mapepala anu onse patebulo lero lomwe, muwayerekeze, ndipo pakakhala kusiyana kakonzeni kapena kalumbireni kwa loya mukadali kumudzi.

Kenako mayeso a TOEIC, oyesa mmene munthu amadziwira Chingerezi. Mphunzitsi wosachokera ku maiko a eni chilankhulo amafunika kupeza 600 pa 990. Ndi mayeso a maola awiri, mafunso 200, theka kumvetsera, theka kuwerenga, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri. Kwa mphunzitsi wa Chingerezi 600 si chinthu chovuta, koma musalinge pa 600. Masukulu akalandira makalata ambiri amasankha wa 850 kapena 900, ndipo nambala imeneyo ndi yokhayo imene ingatseke pakamwa munthu wokayikira Chingerezi cha munthu wakuda. Gawo lomvetsera ndi limene limagwetsa anthu athu, chifukwa mawu amalankhulidwa kamodzi kokha, mwachangu, m'kalankhulidwe ka ku America, Britain, Canada ndi Australia. Zoloweretsani makutu. Satifiketi ya TEFL ya maola 120, ya kaphunzitsidwe ka Chingerezi kwa anthu a zilankhulo zina, masukulu ambiri amaifunsa ngakhale muli kale mphunzitsi, ndipo zotsika mtengo za pa intaneti zilipo. Amene thumba likumulola achite satifiketi ina yotere, ya CELTA ya ku Cambridge, imene imalemekezedwa kulikonse.

Ntchito ndinaipeza ndikadali ku Malawi, ndipo ndikulangiza aliyense kuchita chimodzimodzi. Tsamba la Ajarn.com ndi magulu a aphunzitsi a pa Facebook ndiko kumalengezedwa ntchito zambiri. Chaka cha sukulu kuno chimayamba pakati pa Meyi, teremu yachiwiri imayamba Novembala, ndiye masukulu amasaka aphunzitsi kuyambira Malichi mpaka Meyi, komanso mu Okutobala. Konzekerani mtima: mudzaona zolengeza zonena poyera kuti akufuna eni chilankhulo okha, zina mpaka zotchula khungu, ndipo pafupifupi zonse zimafuna chithunzi. Makalata ambiri amene ndinatumiza sanayankhidwe. Chimene chinasintha zinthu ndi kavidiyo kakafupi kamene ndinajambula ndili m'kalasi mwanga, ndikulankhula pang'onopang'ono, ndikuphunzitsa kaphunziro kosavuta. Wolemba ntchito akamva mawu ako, mantha ake pa kalankhulidwe amachepa. Masukulu a m'matauni ang'onoang'ono, kumene azungu safuna kukhala, ndi amene amayankha. Ku Bangkok, Phuket ndi Chiang Mai mpikisano ndi waukulu ndipo moyo ndi wodula.

Tsopano nkhani ya viza, imene ndikupempha muiwerenge kawiri. Azungu amalangizana kuti ungofika ngati mlendo wodzaona malo, upeze ntchito, kenako uwoloke kupita ku Vientiane m'dziko la Laos ukasinthe viza. Kwa iwo zimatheka. Kwa mapasipoti ambiri a mu Africa, maofesi a akazembe a m'maiko oyandikana ndi Thailand amakana, amati kafunsireni kwanu. Ndakumana ndi anyamata ochokera maiko ena a mu Africa amene anabwera motero, miyezi ikutha akuphunzitsa mobisa, akulandira chilichonse chimene bwana wafuna kuwapatsa chifukwa sangakadandaule kulikonse. Viza yoyenera ndi Non-Immigrant B, ndipo imatengedwa usananyamuke, sukulu itakutumizira makalata ake. Ku Malawi kulibe ofesi ya kazembe wa Thailand. Zapafupi zili ku Maputo, Pretoria ndi Nairobi, ndipo kuyambira mu 2025 pempho limatumizidwa pa intaneti. Viza imeneyi imakupatsa masiku 90, m'masiku amenewo sukulu imakutengera chilolezo cha Khurusapha ndi chilolezo chogwirira ntchito, kenako umapita ku ofesi yoona zolowa ndi kutuluka kukawonjezera nthawi polipira 1,900 baht (baht ndi ndalama ya kuno). Wogwidwa akugwira ntchito popanda chilolezo amalipitsidwa pakati pa 5,000 ndi 50,000 baht n'kuthamangitsidwa m'dziko. Wopitirira masiku a viza amalipira 500 baht pa tsiku mpaka 20,000, ndipo akagwidwa ndi apolisi asanadzipereke yekha amatsekeredwa. Mu 2018 apolisi anachita chipikisheni chachikulu chosaka alendo opanda mapepala, analowa ndi m'masukulu momwe, ndipo amene ankaimitsidwa kwambiri anali anthu akuda. Ife tilibe mwayi wobisala m'gulu.

Pali choopsa china choposa pamenepa. Kutsidya kwa mtsinje wa Moei, moyang'anizana ndi tauni ya Mae Sot, kuli dera la Myawaddy m'dziko la Myanmar, kumene zigawenga zinamanga mipanda yotsekeramo anthu n'kumawakakamiza kubera anzawo pa intaneti. Amafuna achinyamata odziwa Chingerezi, ndipo amawakopa ndi malonjezo a ntchito ku Thailand: ya pa kompyuta, ya mu hotela, ina ya uphunzitsi. Munthu amatsika pa bwalo la ndege ku Bangkok, galimoto ikumudikira, amayenda usiku wonse, m'mawa amapezeka ali dziko lina, pasipoti italandidwa. Mu Febuluwale 2025 boma la Thailand linadula magetsi opita kumaderawo, ndipo mwa anthu amene anatulutsidwa munali ambiri a ku Ethiopia, Kenya ndi maiko ena a mu Africa. Ife Amalawi tinamva kale zimene zinaonekera alongo athu amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sukulu yeniyeni imakufunsa mafunso pa vidiyo, imafuna kuona ukuphunzitsa, imafuna digiri, ili ndi dzina ndi malo amene ungawapeze pa mapu, ndipo kawirikawiri tikiti umagula wekha. Amene akukupatsani tikiti yaulere, malipiro okwera, osafunsa pepala lililonse, akulankhula nanu pa Telegram pokha, muthaweni. Ndipo pasipoti yanu isagone m'manja mwa munthu wina, kaya ndi bwana kaya ndi ejenti. Akaifuna ku ofesi ya boma, pitani nayo nokha.

Za ndalama ndinena mosabisa, popeza ndi zimene zimatinyamula. Ndinayamba ndi 25,000 baht pa mwezi. Mnyamata wa ku Ulaya amene tinkagwira naye, wosaphunzira za uphunzitsi, ankalandira 35,000. Aphunzitsi a ku Philippines, amene ali ambiri kuno ndipo ndi akhama zedi, ena ankalandira zochepa kuposa ine. Zimawawa, ndipo sindikuuzani kuti muzivomereze mumtima, koma muzidziwe musanabwere kuti zisadzakufooketseni muli kale kuno. Chipinda changa, chokhala ndi bafa ndi makina oziziritsa mpweya, ndimalipira 3,500 baht, magetsi padera. Mbale ya chakudya pamsika ndi 40 kapena 50 baht. Munthu wodziletsa amasunga, ndipo zimene ndimatumiza kumudzi zimaposa malipiro anga onse akale, makamaka chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma werengani kontirakiti bwinobwino. Masukulu ambiri salemba okha, amadzera kwa maejenti amene amadyapo gawo lawo mwezi uliwonse, ndipo makontirakiti ena amalipira miyezi 10 kapena 11 yokha. Epulo, mwezi wotentha kwambiri umene sukulu zimatseka ndipo anthu amathirana madzi pa chikondwerero cha Songkran, ukhoza kudutsa wopanda malipiro. Funsani: ndani alipira viza ndi chilolezo? Kodi tchuthi chimalipidwa? Nanga ndikadwala? Yankho likhale lolembedwa. Poona masiku a pa kontirakiti musadabwe kuona chaka chonga 2568; kuno amawerenga zaka za Chibuda, mumachotsa 543 kuti mupeze chathu.

Mwezi woyamba ndi umene umapha. Tikiti yochokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa mpaka Bangkok, chikole cha nyumba cha miyezi iwiri, zofunda, zovala zoyenera kusukulu, kupimidwa kuchipatala, zonsezi zimatuluka m'thumba mwako malipiro oyamba asanafike, ndipo ndalama zakunja kwathu mukudziwa mmene zimavutira kupeza. Ine ndinasunga kwa nthawi yaitali, ndinagulitsa njinga yamoto, achimwene anga anawonjezerapo. Katapila musamuyandikire pa ulendo uwu. Viza ikhoza kuchedwa, sukulu ikhoza kusintha maganizo, chiwongoladzanja sichidikira. Ndipo abale muwauze zoona kuyambira pachiyambi, kuti miyezi itatu yoyamba sipadzabwera kanthu. Kumudzi akamva kuti munthu wakwera ndege amaganiza kuti wafika pamene ndalama zimatoledwa, ndipo foni imayamba kulira usanapeze n'komwe pogona.

Ndifike pa ntchito yeniyeniyo, imene ndimaikonda kuposa mmene ndinkayembekezera. Tsiku limayamba ndi kuima pachipata kulonjera ana, nthawi ya 8 koloko onse amafola, mbendera imakwezedwa, nyimbo ya fuko imaimbidwa, kenako pemphero la Chibuda. Ine ndimaphunzitsa makalasi a Mathayom, amene ndi sekondale ya zaka zisanu ndi chimodzi. M'kalasi mumakhala ana pafupifupi 40. Azungu amadandaula kuti ndi ambiri. Kwa ine amene ndinazolowera kalasi ya Fomu 1 yodzaza mpaka pakhomo, buku limodzi ana asanu, imeneyi ndi ntchito yopepuka. Zipangizo zilipo, magetsi sazimazima, pepala lojambulitsa silisowa.

Chimene chinandivuta ndi chete. Kwathu ukafunsa funso manja amakwera, ana amalimbirana, wina amayankha zolakwika koma molimba mtima. Kuno ukafunsa, onse amayang'ana pansi. Poyamba ndinkaganiza kuti sakundifuna. Mphunzitsi wina wachikulire wa pasukulupo, mayi amene wandithandiza pa zambiri, anandifotokozera kuti mwana wa kuno amaopa kulakwitsa pamaso pa anzake kuposa mmene amaopera kulephera mayeso. Ndiye ndinasiya kuloza mmodzimmodzi. Ndimawaika awiriawiri kapena m'magulu, amayamba ayeserera okhaokha, kenako gulu lonse limayankhira pamodzi. Masewera, nyimbo, mpikisano wa magulu, zimenezi zimawamasula, ndipo akamasuka ndi ana aphokoso ndi ansangala ngati ana ena onse. Kukalipa kuno sikugwira ntchito. Mphunzitsi wokweza mawu mwaukali amaoneka ngati wadzichotsera yekha ulemu, ndipo ana amangotseka mitima. Kumenya ndiye musayerekeze n'komwe. Dziwaninso kuti mwana sabwereza kalasi kawirikawiri. Akalephera umamupatsa ntchito ina kapena mayeso ena mpaka adutse. Kwa munthu wokulira m'dziko limene mayeso a MANEB amagamula tsogolo la mwana, zimenezi zimavuta kumeza, ndipo mpaka pano sindigwirizana nazo kwenikweni. Koma sindinabwere kudzasintha dongosolo la eni ake, ndinabwera kuti mwana atsegule pakamwa alankhule.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti ife tili ndi chinthu chimene mwini chilankhulo alibe. Iye Chingerezi anachiyamwa, sadziwa kuti chimavuta pati. Ine ndikukumbuka ndili Sitandade 5, maphunziro onse atasinthira m'Chingerezi, ndikumva mphunzitsi akulankhula koma osatolapo kanthu. Ndikukumbuka kusokoneza he ndi she, popeza m'chilankhulo chathu mwamuna ndi mkazi onse ndi iye. Mwana wa ku Thailand akasiya kusintha mneni kuti asonyeze nthawi yakale, ndimadziwa kuti m'chilankhulo chake mneni sasintha, ndipo ndimadziwa kumuyendetsa pang'onopang'ono chifukwa inenso wina anandiyendetsa. Ife timawonjezera kamawu kumapeto kwa liwu la Chingerezi, iwo amadula chilembo chomaliza. Onsefe timalimbana ndi l ndi r. Ndikawauza kuti Chingerezi ndi chilankhulo changa chachiwiri, kuti ndinachiphunzira pansi pa mtengo nthawi zina, maso awo amasintha. Amaona kuti n'zotheka. Komabe kalankhulidwe kanu kakonzeni, osati kuti muzilankhulira m'mphuno ngati mzungu, koma kuti muzimveka. Dzijambuleni pa foni, mudzimvere nokha, muone pamene mumathamanga ndi pamene l ndi r zimasinthana. Makolo amafunsa ana awo ngati akumumva mphunzitsi, ndipo kontirakiti yanu imadalira yankho limenelo.

Ulemu umene mphunzitsi amalandira kuno unandikhudza mtima. Mu Juni, tsiku Lachinayi, kumakhala mwambo wa Wai Khru: ana amabwera chogwada ndi maluwa okonzedwa mwaluso, n'kuwerama pamaso pa aphunzitsi awo. Nditakhala pampando umenewo koyamba ndinakumbuka anzanga a kumudzi amene amaphunzitsa ana ochuluka, nyumba zawo zikudontha, malipiro osafika pakati pa mwezi, ndipo misozi inalengeza.

Za khungu sindingazilambalale. M'tauni imene ndimakhala anthu ambiri anali asanaonepo munthu wakuda pamaso. Ana aang'ono ena ankathawa, ena ankafuna kugwira tsitsi langa, pamsika anthu ankandijambula osapempha. Dzina la Malawi salidziwa. Ena amamva Mali, ena Maldives, ena Malaysia, ndipo ndimayenda ndi mapu pa foni. Zambiri mwa izi ndi chidwi chabe ndipo zimatha anthu akakuzolowera. Mayi wogulitsa nkhuku yootcha amene poyamba ankandiyang'ana mwamantha, lero amandisungira chiwalo chimene ndimakonda. Koma tsankho lenileni liliponso. Ndinakanidwapo nyumba nditafika pakhomo, pamene pa foni anali atavomera. Kholo lina linakapempha kuti mwana wake asamutsidwire m'kalasi ya mzungu lisanandionepo ndikuphunzitsa. M'dziko limene mafuta oyeretsa khungu amalengezedwa paliponse, mwana akhoza kukunena mawu opweteka osadziwa kuti akupweteka. Masiku otero ndimabwerera kunyumba mtima uli wolemera, ndipo palibe malangizo amene angachotse ululu wake. Chimene chandithandiza ndi kukhala ndi anthu awiri kapena atatu a pasukulu amene amandidziwa bwino ndipo amandiyankhulira pamene ine palibe, komanso gulu la aphunzitsi a mu Africa, a ku Cameroon, Kenya, Ghana, Uganda ndi Zimbabwe, limene timachezerana pa WhatsApp ndi kuchenjezana za masukulu osalipira.

Malamulo ena ndi ofunika kuwadziwa tsiku loyamba. Kunyoza mfumu kapena banja lachifumu ndi mlandu wa zaka 3 mpaka 15 m'ndende, pansi pa gawo 112 la malamulo awo, ndipo zolemba pa Facebook zimawerengedwa. Ife tinazolowera kutukwana atsogoleri pa wailesi ndi m'minibasi. Kuno nkhani imeneyo musaiyambe, ngakhale mocheza. Musagwire munthu kumutu, musaloze chinthu ndi phazi, vulani nsapato polowa m'nyumba ndi m'kachisi. Ku ofesi yoona zolowa ndi kutuluka umayenera kukadzionetsa kapena kutumiza fomu masiku 90 aliwonse, ukachedwa ndi 2,000 baht. Mwini nyumba amayenera kulembetsa kuti ukukhala kwake, pa fomu ya TM30, ndipo ena sadziwa, umachita kuwakumbutsa. Ukafuna kutuluka m'dziko, ngakhale kwa masiku awiri, uyambe wagula chilolezo chobwereranso, 1,000 baht cha ulendo umodzi, apo ayi viza yako imafa pomwe wadutsa pachipata. Chilolezo chogwirira ntchito chimamangidwa pa sukulu imodzi. Ukasiya ntchito, viza imathera pomwepo, choncho usachoke mwaukali usanakonze kolowera. Chilolezo chongoyembekezera cha Khurusapha ndi cha zaka ziwiri, ndipo sichipitirira zaka zisanu ndi chimodzi zonse pamodzi, ndiye wofuna kukhalitsa ayambe msanga kukonza zopeza laisensi yeniyeni. Kumbukiraninso kuti ku Bangkok kulibe kazembe wathu. Pasipoti ikatayika kapena ikatha, ulendo wake ndi wautali, choncho bwerani ndi yatsopano, ndipo zithunzi za mapepala onse zisungeni pa intaneti ndi kwa m'bale wodalirika.

Chakudya sichinandivute monga ndinkaopera, kupatula tsabola, amene kuno amathira mopanda chifundo mpaka utaphunzira kunena kuti achepetse. Anthu a ku Isan amadya mpunga womata ndi manja, kuumba kambamu n'kusunsa mu ndiwo monga timachitira ndi nsima, ndipo tsiku limene anandiona ndikudya motero osaphunzitsidwa, ubale unayambira pomwepo. Nsomba zootcha zilipo, masamba ndi ambiri, ziwala ndi nkhululu zokazinga zimagulitsidwa pamsika. Ufa woyera ndiwo umasowa. Ndikaulakalaka ndimaitanitsa kwa amalonda a mu Africa a ku Bangkok pa mtengo wokwera. Akhristu kuno ndi ochepa kwambiri, koma m'mizinda ikuluikulu matchalitchi alipo, ndipo ena amakhala ndi mapemphero a m'Chingerezi. Phunzirani chilankhulo cha eni dziko, ngakhale moni, manambala ndi maina a zakudya. Munthu wakuda wolonjera m'Chithai amasanduka mlendo wa mudzi wonse.

Cholemera kwambiri pa zonse ndi kutalika kwa mtunda. Thailand ili patsogolo ndi maola asanu, ndiye pamene kumudzi akuweruka kuti ticheze, ine ndimakhala ndikugona. Mwana wanga ndinamusiya ndi mayi anga, ndipo akukula ndikumuonera pa foni. Chaka chachiwiri malume anga, amene anandilipirira fizi ku sekondale, anamwalira pakati pa teremu. Uthenga unandipeza ndili m'kalasi. Tikiti yogula mwadzidzidzi inali yoposa malipiro a mwezi wonse, ulendo ndi wa tsiku lathunthu, ndipo maliro kwathu sadikira. Ndinatumiza ya bokosi ndi ya chakudya, ndinamvera nyimbo za kumanda pa foni ya mlongo wanga ndili ndekha m'chipinda, m'mawa mwake ndinakaima pachipata kulonjera ana. Aphunzitsi anzanga atamva anasonkha chipepeso m'envulopu, monga amachitira pakati pawo, ndipo mayi wachikulire uja anakhala nane madzulo onse osalankhula zambiri. Koma kusaponya dothi pamanda a munthu amene anakulera ndi bala limene silipola msanga, ndipo aliyense woganiza zobwera ayenera kukhala pansi ndi banja lake n'kukambirana zimenezi poyera: kukagwa zovuta, ndidzabwera pa ziti, ndipo pa ziti ndidzangotumiza thandizo?

Kuchokera nthawi imeneyo ndimapatula ndalama ya tikiti yobwerera kumudzi, imene sindiikhudza ngakhale wina alire motani pa foni, ndipo chilolezo chobwereranso ndimagula cha maulendo ambiri, cha 3,800 baht, tsiku lomwe ndawonjezera viza. Kwa inu amene muli pa ntchito ya boma, musalembe kalata yosiya ntchito chifukwa choti sukulu yakulonjezani pa foni. Dikirani kontirakiti yosainidwa ndi viza yodindidwa, ndipo musanatule pansi udindo kafunseni kwa akuluakulu anu za tchuthi chosalipidwa ndi za penshoni yanu.